Anazimitsa Babu, Osati Magetsi

Tsiku limene mwamuna wake ankatuluka m'chipatala, mayi wina wochapa ndi kusita zovala za anthu anafika pageti ndi mwana kumbuyo, atanyamula malaya osita bwino oti mwamunayo avale popita kunyumba. Anapeza apongozi ake aakazi atafika kale ndi galimoto ya hayala. Mwamunayo anali atakhala kumpando wakumbuyo, dzanja lake lamanja lili m'mabandeji mpaka m'chigongono.

"Mwana wanga sabwereranso m'nyumba mwa munthu amene anafuna kumupha," anatero apongoziwo, osakweza mawu. "Malayawo bwererani nawo."

Mayiyu anayang'ana mwamuna wake kuti mwina anenapo kanthu. Mwamunayo anayang'ana pamaondo pake, ndipo galimoto inanyamuka.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi chanu chimene chinakugwetsani, ndipo mukufuna mawu okudzutsani. Mawuwo ine ndilibe ambiri. Ndili ndi nkhani ya mayiyu basi, munthu amene anagwetsedwa ndi liwu limodzi, liwu limene inu nomwe mumalitchula tsiku lililonse osaliganizira.

Zinayenda motere. Mwamuna wake anali kalipentala, ndipo banjali linkakhala m'nyumba ya lendi. Makoswe anadya waya wina kudenga, soketi ya kukhitchini n'kuyamba kugwira ntchito mwa apo ndi apo. Kalipentala uja, monga amachitira amuna ambiri okhala ndi bokosi la zida, ankakhulupirira kuti munthu wodziwa kukhoma chitseko angathe kukonza chilichonse pansi pa thambo. M'mawa wina anaimika makwerero, analowetsa mutu ndi mapewa pabowo la siling'i, kenako anaitana mkazi wake kuti azimitse magetsi.

Mayiyu anapukuta manja, anapita pakhoma pafupi ndi chitseko n'kudina swichi. Babu la kukhitchini linathima.

"Ndazimitsa," anatero.

Kuwala kumene kunkalowa kudengako kuchokera pansi kunatha, ndipo kalipentala anakhulupirira kuti zatheka. Anayatsa tochi, anagwira waya. Nyesi inamukanirira osamusiya. Chinamupulumutsa ndi makwerero amene anatsetsereka n'kugwa naye pansi. Madokotala anachita zimene akanatha ndipo dzanja silinadulidwe, koma zala zinapindika moti hamala sakanathanso kuigwira.

Taonani apa. M'chilankhulo chathu, babu likathima timati magetsi athima. Mphamvu ya m'mawaya ikachoka m'dera lonse timatinso magetsi athima. Mwamuna ankanena za swichi yaikulu ya m'bokosi la mafyuzi, ija imadula mphamvu ya nyumba yonse. Mkazi anamva za babu. Palibe ananama, palibe anachita mwano, koma madzi akatayika saoleka.

Bokosilo mayiyu anali asanaliyang'anepo bwinobwino. Linali pakhoma la m'kanjira kopita kuchipinda, litabisika kuseri kwa kabati ya mbale, ndipo magetsi akavuta mwamuna ndiye ankakankha kabatiyo n'kuchitako zimene ankachitako. Mayiyu ankaliona ngati chikwama cha mwamuna: chili m'nyumba mwako, koma si chako.

Anthu a mumsewu wawo, amene sasowa chocheza, anamupatsa dzina loti Ndazimitsa. Akamafika pampopi, macheza ankaduka, n'kuyambiranso iye atangotembenuka. Ena ankati anachita dala, ena ankati ndi uchitsiru chabe, ndipo sindikudziwa kuti mwa ziwirizi chinkamupweteka kwambiri ndi chiti. Ine dzinalo sindimutchula nalo.

Mantha anamulowa m'mafupa. Swichi iliyonse ankailambalala ngati njoka. Simbi yamagetsi, imene inkamudyetsa, anaikulunga m'nsalu n'kuiponya kunsi kwa bedi. Anabwereka simbi yamakala, ndipo posakhalitsa kakhala ka moto kanaboola kolala ya malaya oyera a kasitomala wake wamkulu. Makasitomala anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ena chifukwa cha malaya, ena chifukwa cha mbiri.

Lamlungu lililonse ankapita ndi mwana kwa apongozi kuti akaone bambo ake. Ankafika pakhonde basi. Mwamunayo ankakhala pampando, dzanja lopuwala lili m'thumba, n'kumapereka moni ndi lamanzere. Ankafunsa ngati mwana akudya, ngati chifuwa chija chinatha. Za tsiku lija sanatchulepo. Sanamudzudzule mkazi wake, komanso sanamuikire kumbuyo, ndipo kukhala chete kumeneko kunkawawa kuposa mawu a apongozi. Mayiyu ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mwamuna wake abwerere kunyumba.

Waya uja kudenga anali akadali wosakonza. Mwini nyumba anatumiza wamagetsi, bambo wachikulire wosakonda kulankhula. Atafika sanafunse za denga kapena za makwerero. Anafunsa kuti bokosi lili kuti. Mayiyu analoza kabati. Bamboyo anang'ung'udza, anakankha kabatiyo, anatsegula kachitseko ka bokosi, anatsitsa timaswichi tating'ono, kenako yaikulu ya kumapeto. Kafiriji kamene kankalira pakona kanakhala chete, nyumba yonse inangoti zii.

Mayiyu anaima chapatali, ndipo anaona ndi maso ake kuti chimene chikanapulumutsa dzanja la mwamuna wake chinali pafupi kwambiri ndi pamene anaima tsiku lija. Anafunsa kuti swichi yaikuluyo imagwira ntchito bwanji. Bamboyo anayankha osamuyang'ana. Anati mphamvu imachokera pa mita, imadzera pa swichi yaikulu, kenako imagawidwa ku timaswichi tating'ono, aka ka mababu, aka ka masoketi, aka ka kukala yophikira. Yapakhoma ija imangolamulira babu lake lokha. Ukatsitsa yaikulu, nyumba yonse yagona.

Mayiyu anafunsanso, n'kufunsanso, mpaka bamboyo anatopa naye. Anamuuza kuti ngati mafunso ake ndi ochuluka choncho apite kusukulu ya ntchito zamanja, amaphunzitsa zamagetsi masana.

Ankanena mongomuthamangitsa. Mayiyu anapitadi.

Mchemwali wake anati mutu wamusokonekera. Pampopi paja anati akukaphunzira kuti amalize otsala. Apongozi atamva anangopukusa mutu n'kunena kuti Mulungu athandize anthu a mumzindawo. Iye ankachapa m'mawa, masana n'kusiya mwana kwa neba, n'kukakhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza ndi anyamata ongomaliza sukulu kumene.

Mphunzitsi wawo ophunzira ankamutchula kuti Yezani, chifukwa chiganizo chake chilichonse chinkathera pa liwu limenelo. Tsiku loyamba anawalowetsa m'chipinda chophunzirira ntchito, mmene khoma limodzi linali ndi mawaya, masoketi ndi bokosi ngati za m'nyumba yeniyeni. Analoza mnyamata wina wakutsogolo, wooneka wochangamuka.

"Iwe, ndikufuna kugwira waya uyu. Kazimitse magetsi."

Mnyamatayo anadzuka mwachangu, anapita pachitseko n'kudina swichi yapakhoma. Mababu anathima. M'kalasi monse palibe anaona cholakwika. Yezani anakhudza waya uja ndi tesita yoyezera magetsi, ndipo kanyali kake kanayaka.

"Ndafa," anatero. "Mawa mubwere ku maliro."

Kalasi inafa ndi phwete. Yezani anawauza kuti chaka chilichonse amachita zimenezi, ndipo chaka chilichonse pamapezeka womupha. Analamula kuti kuyambira tsiku limenelo, m'chipinda chake munthu asanene kuti zimitsa magetsi. Anene chenicheni: babu, kaswichi ka masoketi, kapena swichi yaikulu. Ndipo amene akukagwira waya apite yekha kubokosi, atsitse yekha, ayeze yekha, chifukwa pakamwa pa munthu si tesita.

Mayiyu sanaseke. Anatuluka, anapita kuseri kwa nyumbayo n'kulira kulira kumene sanalire kuchipatala. Miyezi yonseyi anali atasenza dzina la chitsiru, ndipo apa mnyamata wa satifiketi yake wachita zomwezo pamaso pa anthu, palibe wamupatsa dzina. Misozi itauma, mtima unamupsa. Mwamuna wake bokosilo ankalidziwa koma sanamuonetsepo, ndipo waya anagwira osayeza. Lamlungu lotsatira anapita pakhonde paja mawu atadzaza m'kamwa. Ataona dzanja lili m'thumba lija, anawameza.

Za m'mabuku mutu wake unkagwira. Anaphunzira kuti swichi yaikulu nayo ili ndi malire ake: ngakhale itatsitsidwa, mawaya olowa kuchokera pa mita amakhalabe amoyo, ndipo kumeneko n'kwa a kampani ya magetsi okha. Anaphunzira kuti nyumba ya sola kapena ya jenereta ili ndi khomo lina lolowera mphamvu, ndiye ukatseka limodzi usadzitame kuti watseka onse. Yezani ankati swichi imene ikugwa yokha mobwerezabwereza ikukuuza kanthu, ndipo woimangirira ndi chingwe kuti isagwe ali ngati munthu wotseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kwabwera akuba. Za anthu oika msomali m'malo mwa fyuzi sankafuna n'komwe kuzimva.

Vuto linali manja. Pa mayeso ochita ndi manja, wophunzira ankayenera kutsegula bokosi, kudula mphamvu, kutsimikiza kuti waya wafa, n'kusintha soketi. Mayiyu atafika pabokosi, dzanja linanjenjemera mpaka sikuludiraiva inkagogoda chitsulo anthu akumva. Woyesa anamuuza kuti aike zida pansi. Analephera.

Anabwereza. Ulendo uno manja anamumvera, koma chifukwa chofulumira kuti zithe anayeza waya asanayese tesita yake pamalo amene pali mphamvu. Yezani anamukumbutsa, mosamunyengerera, kuti tesita yakufa imanena kuti waya aliyense ndi wakufa. Analepheranso. Anyamata aja anatenga mapepala awo n'kumapita, iye anatsala.

Apa ambiri a ife tikanati si mwayi wathu, n'kupeza chifukwa chomveka bwino chouza anthu. Zifukwa mayiyu anali nazo zokwanira: mwana, zovala za anthu, msinkhu, manyazi. Analembetsanso.

Kunyumba anasuntha kabati ija n'kuiika pakhoma lina. Pafupi ndi bokosi anakhoma msomali n'kupachikapo tochi. M'mawa uliwonse, asanakhudze madzi ochapira, ankavala nsapato, n'kuona kuti manja ndi ouma ndipo pansi ndi pouma. Ankaima chakumbali, osati maso ali m'bokosi, n'kugwiritsa dzanja limodzi. Ankatsitsa tating'ono, kenako yaikulu, n'kumvetsera nyumba ikukhala chete. Akatero ankakweza yaikulu, tating'ono n'kutsatira kamodzikamodzi. Masiku oyamba mtima unkagunda ngati utuluka. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina anazindikira kuti wachita zonsezi uku akuganiza zoti mvula ingabwere asanaanule zovala. Tsiku lomwelo anatulutsa simbi ija kunsi kwa bedi.

Ulendo wachitatu anakhoza. Panalibe nthungululu. Anatenga pepala lake, anakatenga mwana kwa neba, n'kukatsiriza kusita.

Anayamba ndi kunyamulira zida bambo wosakonda kulankhula uja, amene anamulandira mong'ung'udza monga ankachitira ndi chilichonse. Patapita nthawi anayamba kuitanidwa payekha. M'nyumba zambiri akafika ndi ovolosi yake, eni nyumba ankasuzumira kumbuyo kwake kuti aone ngati wamagetsi weniweni akubwera. Iye sankakangana nawo. Ankafunsa kuti bokosi lili kuti, ndipo nthawi zambiri ankalipeza kuseri kwa kalendala, kuseri kwa matumba, kapena pamwamba poti mayi wa m'nyumbamo sangafikire.

Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sankachisiya. Akamaliza ntchito, asanachoke, ankaitana aliyense wamkulu wa m'nyumbamo, mayi, wantchito, ngakhale mlendo wokhalitsa, n'kuwaimika pabokosi. Ankawaonetsa swichi yaikulu, n'kuuza aliyense kuti aitsitse ndi dzanja lake n'kuikwezanso. Ankawauza kuti soketi ikamatuluka utsi asathire madzi, athamangire kubokosi. Munthu akagwidwa nyesi asamukoke ndi manja, athamangire kubokosi.

Bambo wina sanakondwe nazo. Anati bokosi ndi nkhani ya amuna, akazi ake alibe nalo ntchito.

"Chabwino, bambo," anatero mayiyu uku akulongedza zida. "Tsiku limene nyesi idzakugwireni inu, adzatsitse ndani?"

Bamboyo anakanda m'mutu, n'kuitana yekha akazi ake. Nkhani ngati zimenezi zimayenda msanga pakati pa amayi, ndipo ntchito inayamba kumupeza yokha. Zochapa anazisiya. Mumsewu muja anthu omwe aja anayamba kumutchula kuti mayi wa magetsi, ndipo ena mwa iwo ankalumbira kuti iwo sanamunenepo kanthu.

Mukhoza kuganiza kuti nkhani yathera apa. Sinathe, chifukwa chimene mayiyu ankafuna chinali chikadali pakhonde paja. Mwana anakula n'kuyamba sukulu, bambo ake akadali kwa amayi awo. Kalipentala uja anayesapo kupala thabwa ndi lamanzere, thabwa linatuluka lokhota, ndipo zida zake anazisiya zichite dzimbiri. Tsiku limene mkazi wake anamuuza kuti wakhoza, anangoti mwachita bwino, n'kuyang'ana kumbali. Mayiyu anayamba kuona kuti munthuyu sakumusungira mkwiyo. Akuchita manyazi. Koma manyazi ndi mkwiyo zimatseka chitseko mofanana, ndipo apongozi nthawi zonse ankakhala ataima pakhomo.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina anaitanidwa kunyumba ina yakalekale, ya bokosi lachikale lopanda pokolowekapo loko. Anatsitsa swichi yaikulu, anaimata ndi tepi, anapachikapo chikwangwani chochenjeza, anauza eni nyumba, anayeza, n'kukwera kudenga. Ali komweko, kunafika mlamu wa mwini nyumba, amene ankathamangira kudzaonera mpira. Atapeza wailesi yakanema sikuyaka, anapita kubokosi, anamatula tepi n'kukweza swichi.

Mayiyu anali atagwira waya ndi pulayazi. Kunamveka phaa, moto unathetheka, ndipo pakamwa pa pulayaziyo panasungunuka. Zogwirira zake za labala ndizo zinamutchinga. Anatsika pang'onopang'ono n'kukhala pansi. Mlamu uja anapepesa, akuti ankayesa kuti magetsi angothima okha, chikwangwanicho sanachiwerenge.

Lamulo la Yezani linali lakuti pamene loko sangalowe, paime munthu. Mayiyu anayesa kulemba aganyu. Wina anachokapo kukayankha foni. Wina anatumidwa kugolosale ndi mwini nyumba, n'kupita, poti wamkulu akakutuma sukana. Mayiyu anakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndi munthu uti amene sangachoke pabokosi ngakhale eni nyumba atakalipa. Yankho linali limodzi, ndipo silinamusangalatse poyamba.

Anapita pakati pa sabata, masana, atavala ovolosi, chikwama cha zida chili paphewa. Anapeza mwamuna wake pampando wake wa masiku onse. Apongozi atamva mawu anatulukira pakhomo.

Atapatsana moni, mayiyu sanazungulire.

"Bambo a mwana, ndabwera ndi ntchito."

Mwamunayo anatulutsa dzanja lija m'thumba n'kuliika pabondo. Kanali koyamba kulionetsa pamaso pa mkazi wake chichokereni m'chipatala.

"Ndi ili? Ngakhale supuni siligwira bwinobwino."

"Sindikufuna dzanja. Ndikufuna munthu woima pabokosi ine ndili kudenga. Woti wina akabwera kuti akweze swichi, amukanize, ngakhale akhale mwini nyumba."

Anatulutsa pulayazi yosungunuka ija n'kumupatsa, n'kufotokoza zimene zinachitika. Mwamunayo anaitembenuza ndi lamanzere, akuiyang'ana.

"Dzanja munamulanda," anatero apongozi, "tsopano mukufuna mukamumalize?"

"Amayi," anatero mwamunayo, maso akadali pa pulayazi, "amene anagwira waya osayeza ndine. Bokosi ndinkalidziwa ndine. Awa sindinawaonetsepo."

Mawu amene mayiyu anawadikira zaka anabwera choncho, opanda ng'oma. Anamva mtima ukumasuka, ndipo anakwiyanso pang'ono kuti mawu afupi chonchi anatenga nthawi yonseyi. Apongozi anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ine sindiwaweruza. Mayi akaona mwana wake atapuwala amafuna wina woti amuloze chala, ndipo chala sichiloza mwana wako.

Awiriwa anatsala okha pakhonde. Mwamunayo anabweza pulayazi.

"Ndiye ndikadzakuuzani kuti swichi ili pansi, mudzandikhulupirira?"

"Ayi. Ndidzayezabe."

Mwamunayo anaseka. Kunali kuseka kwa munthu amene waiwala kasekedwe, koma kunali kuseka.

M'mawa mwake anafika pantchito atavala malaya opisira. Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza: kuima nji patsogolo pa bokosi mpaka mkazi wake atatsika n'kunena yekha kuti wamaliza. Sankayankha foni, sankalandira mpando wa kutali, sankatumika. Kunyumba ina mayi wa pakhomopo anabwera ndi ketulo, akuti angokweza pang'ono chabe kuti madzi awire. Kalipentala uja sanakangane naye. Anangotukula dzanja lopindikalo n'kumuonetsa, ndipo mayiyo anabwerera ndi ketulo yake.

Akaweruka, ankanyamula chikwama cha zida ndi lamanzere mpaka pakhomo la mkazi wake, n'kuchiika pansi, n'kutsanzika kupita kwa amayi ake. Mayiyu sankamukakamiza. Zinayenda choncho kwa kanthawi ndithu, moti aneba anayamba kuseka kuti banjali layambanso chibwenzi.

Tsiku lina chikwama chinali cholemera, ndipo mwamunayo analowa nacho m'nyumba. Potuluka anamva chitseko cha kuchipinda chikukhula pansi. Anaima, anachitsegula, anachitseka, n'kunena kuti mahinjesi atha, ndipo amene wakhala akuchikankha chonchi alibe chisoni ndi matabwa. Anati angachikonze ngati wina angamugwirire misomali. Mayiyu anagwira misomali. Ntchitoyo inachedwa, chifukwa hamala ya lamanzere imaphonya, ndipo mwana pobwera kusukulu anawapeza akadali pomwepo akukangana za hinjesi.

Mwanayo anaima pakhomo ndi chikwama kumsana, n'kufunsa ngati adadi apitanso kwa agogo.

"Chitseko sichinathe," anayankha bambo ake. "Ndi mawindo omwe akufunika kuonedwa."

Kwa amayi ake anapitako mawa lake, kukatenga zovala ndi zida.

Sindikuuzani kuti zonse zinakhala bwino. Dzanja silinachire. Apongozi mpaka lero moni wawo ndi waufupi. Masiku ena mwamunayo amakhala duu osalankhula, ndipo mkazi wake amamusiya. Koma m'mawa uliwonse amatuluka pakhomo limodzi, wina kukakwera kudenga, wina kukaima pabokosi.

Tsono inu, mukamaliza kuwerenga, nyamukani mukapeze swichi yaikulu ya m'nyumba mwanu. Chotsani chilichonse chimene chaitchinga. Onani bwino mbali yozimitsira, chifukwa mabokosi amasiyana. Itanani akuluakulu onse a pakhomo panu, aliyense aigwire ndi manja ouma, adziwe kuti tsiku la ngozi athamangire kuti. Kukonza mawaya asiyireni amene anaphunzira. Ngati simukudziwa, funsani, chifukwa safunsa anadya phula.

Ndipo ngati inu ndinu munthu amene munalakwitsa kamodzi anthu n'kukupatsani dzina, ngati pali chinthu chimene mumachilambalala chifukwa chinakupwetekani, musakhale nacho m'nyumba imodzi mukunjenjemera moyo wanu wonse. Chiyandikireni bwinobwino, chiphunzireni, mukalephera mubwerereko. Amene anakusiyani mwina adzabwerera, mwina ayi, koma akadzabwera akupezeni mutaima. Mtima wanuwo musautaye, mudzaufuna mawa.